Buku la Panda ndi Mawu Amene Analephera Kuwafufuta

Ndikuona nkhope za a Fomu 3 ndi Fomu 4 muno, ndipo ena mwa inu posachedwapa mudzakhala mutagwira choko, ana akukuyang'anani. Ndiye nkhani ya lero ndi yanu. Ndi ya buku lina lomwe linkadzitcha la sayansi, ndi mlandu umene linayambitsa ku America, womwe unazengedwa mu 2005.

Ndikudziwa kuti ambiri muno timapemphera, ndipo mawu akuti evolution akangotchulidwa ena amayamba kuyang'ana kukhomo. Khalani pansi, sindinabwere kudzakutulutsani m'tchalitchi. Mumva nokha kuti ena mwa anthu amene anatsutsa bukuli anali opemphera ngati inu nomwe.

Zinachitikira ku Dover, tauni yaing'ono m'chigawo cha Pennsylvania. Kumeneko sukulu za boma zimayendetsedwa ndi komiti yomwe anthu a m'deralo amaisankha pa voti. Mu Okutobala 2004 komitiyo inagwirizana, anthu 6 kuvomereza, 3 kukana, kuti ana a giredi 9 adziwitsidwe kuti chiphunzitso cha Darwin chili ndi mipata. Kenako panalembedwa chikalata choti anawo aziwerengeredwa asanayambe mutu wa evolution, chowauza kuti wofuna maganizo ena akawerenge buku lotchedwa Of Pandas and People. Mabuku 60 anali atafika kale pasukulupo, akuti ndi mphatso. Aphunzitsi a sayansi anakana kuwerenga chikalatacho, mpaka mabwana a ku ofesi analowa m'kalasi kukawerenga okha. Makolo 11 anakasuma kukhoti.

Mwina mukudabwa kuti nkhani ya buku ikafika bwanji kukhoti. Malamulo aakulu a dziko la America salola boma kukankhira anthu chipembedzo, ndipo sukulu ya boma ndi boma lomwelo. Mkanganowu ndi wakale. Mu 1925 mphunzitsi John Scopes analipitsidwa madola 100 ku Tennessee chifukwa chophunzitsa evolution. Mu 1968 khoti lalikulu la dzikolo linati malamulo oletsa phunziroli ndi osavomerezeka. Otsutsa aja anasintha njira: m'malo moletsa, anati paphunzitsidwenso "sayansi ya chilengedwe", yomwe m'Chingerezi amati creation science, yonena kuti mitundu ya zamoyo inalengedwa payokhapayokha. Mu 1987 khoti lomwelo linathetsanso lamulo lotere la ku Louisiana, linati chimenecho ndi chipembedzo. Sungani chaka chimenecho, 1987, tibwererako.

Buku la panda lija linatuluka mu 1989, ndipo silinkatchula za creation science. Linkakamba za intelligent design, kutanthauza kuti zamoyo zinakonzedwa ndi wina wanzeru, koma osatchula kuti ndani. A komiti ya ku Dover anati, mwaona, mulibemo chipembedzo, iyi ndi sayansi basi.

Apa ndi pamene pali nkhani. Maloya a makolo aja anapempha khoti kuti osindikiza bukuli apereke zolemba zake zoyambirira, zija wolemba amalemba n'kumakonza buku lisanatuluke. Mayi wina wophunzitsa payunivesite ku Louisiana, Barbara Forrest, anakhala pansi n'kuziyerekeza chimodzichimodzi. Zolembedwa chigamulo cha 1987 chisanaperekedwe zinali zodzaza ndi mawu akuti creation ndi creationist. Zolembedwa pambuyo pa chigamulocho, mawu amenewo anali atachotsedwa, malo pafupifupi 150, n'kuikapo intelligent design. Ziganizo zinali zomwezo. Ngakhale tanthauzo limene analemba pofotokoza creation analingosamutsa n'kukhala tanthauzo la intelligent design. Ndipo pamalo pena wokonzayo anachita changu: pofuna kufufuta creationists kuti alembe design proponents, anasiya chilembo choyamba ndi zilembo zomaliza, n'kutuluka chinthu chosawerengeka, cdesign proponentsists. Mawu akale akusuzumira kutsogolo ndi kumbuyo kwa mawu atsopano, ngati munthu wobisala kuseri kwa mtengo waung'ono mimba ikuoneka.

Inu a kumudzi mukudziwa za feteleza wosakaniza ndi mchenga. Vuto lake si mchengawo ayi, mchenga uli ndi ntchito yake, timamangira nyumba. Vuto ndi thumba lolembedwa kuti feteleza. Munthu akafuna kuphunzitsa Genesis, aphunzitse, malo ake alipo: ku Sande sukulu, kunyumba, m'kalasi la Bible Knowledge. Koma akauika m'thumba lolembedwa Biology chifukwa khoti latseka khomo lina, ameneyo akunamiza ana, ndipo ine ndikuona kuti akunyozanso chikhulupiriro chake chomwe, chifukwa wachibisa ngati katundu wozembetsa.

Bodza silinathere m'bukumo. Kumbukirani mabuku 60 a mphatso aja. Pofunsidwa atalumbira, mamembala ena a komiti sananene kumene ndalama zake zinachokera. Kukhoti kunatuluka cheke cha madola 850, ndalama zomwe membala wina anasonkhetsa kutchalitchi kwawo. Woweruza analemba m'chigamulo kuti anthuwa ananama.

Kumbali ya sayansi, komitiyo inadalira kwambiri Michael Behe, katswiri wa biochemistry. Iye ankati mbali zina za zamoyo, monga chitetezo cha m'thupi, n'zolukanalukana kwambiri moti sizikanapangika pang'onopang'ono, ndipo asayansi alibe yankho. Loya anamuunjikira patsogolo pake malipoti a kafukufuku 58, mabuku 9 ndi machaputala angapo, zonse zokamba za mmene chitetezo cha m'thupi chinasinthira. Anati n'zosakwanira. Atapanikizidwa, anavomeranso kuti ngati titalandira tanthauzo lake la mawu akuti theory, ndiye kuti astrology, zija zolosera moyo wa munthu poyang'ana nyenyezi, nazonso zilowa m'gulu la sayansi. Tangoganizani.

Mawu akuti theory amenewa muwasamale, chifukwa chikalata cha ku Dover chinkasewera nawo. Pocheza, munthu akati "imeneyo ndi theory chabe" amatanthauza kuti n'zongoganizira. Mu sayansi theory ndi kafotokozedwe komwe kayesedwa kambirimbiri, ndipo kakhoza kugwa ngati umboni utakatsutsa. Mboni yoyamba ya makolo aja, Kenneth Miller wa ku Brown University, yemwe ndi Mkatolika wopita ku Misa, anapereka chitsanzo chomwe ndikufuna mupite nacho kunyumba. Munthu ali ndi ma chromosome 23 awiriawiri. Chimpanzi, gorila ndi orangutan ali ndi 24. Ngati n'zoona kuti tonse tinachokera kwa kholo limodzi lakalekale, imodzi ija inapita kuti? Singangosowa munthu n'kukhala moyo. Ndiye payenera kupezeka chromosome ya munthu yopangidwa ndi ziwiri zolumikizana, ndipo ikapanda kupezeka, evolution ili m'madzi. Anayang'ana, n'kuipeza: chromosome 2. Zizindikiro zomwe zimakhala kunsonga kwa chromosome, pa imeneyi zikupezekanso pakati, pamene panalumikizana. Tsopano funsani intelligent design: n'chiyani chomwe titachipeza mungavomere kuti mwalakwa? Palibe. Zikakhala 23 akuti wokonzayo anafuna choncho, zikakhala 24 akutinso anafuna choncho. Yankho lotere likhoza kukhala chikhulupiriro, koma mu labotale simungaliyese.

Woweruza anali John E. Jones III, wa chipani cha Republican, woikidwa ndi Pulezidenti George W. Bush, ndiponso wa mpingo wa Lutheran. Ambiri ankayesa kuti akondera komiti. Pa 20 Disembala 2005 anatulutsa chigamulo cha masamba 139 chonena kuti intelligent design si sayansi, ndi creationism yomwe yangosintha dzina. Koma anthu a ku Dover anali atagamula kale: pa chisankho cha mu Novembala anachotsa mamembala 8 a komitiyo. Sukulu zinatsala ndi ngongole ya maloya yoposa madola 1 miliyoni, ndalama zomwe zikanagula mabuku enieni.

Andale sanagone. Louisiana mu 2008 ndi Tennessee mu 2012 anakhazikitsa malamulo ena, ulendo uno m'dzina la ufulu wa mphunzitsi wokambirana "zofooka" za mfundo za sayansi. Ku Turkey, boma linachotsa mutu wa evolution m'silabasi ya sekondale mu 2017. Dzina limasintha, thumba limasintha, katundu ndi yemweyo.

Wina anena kuti, nanga ife za ku America zikutikhudza chiyani? Funsani amayi anu za chloroquine. Anali mankhwala a malungo odalirika, kenako anasiya kugwira. Chinachitika n'chakuti mwa tizilombo ta malungo, tina tinali ndi kusintha pang'ono kotithandiza kupirira mankhwalawo. Tinzawo tikamafa, ito timatsala n'kuswana, mpaka tinachuluka. Mu 1993 Malawi inakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba SP, ija timati Fansidar. SP nayo inatopa, ndipo mu 2007 tinasamukira ku LA. Chodabwitsa n'chakuti chloroquine itachoka, tizilombo topirira tija tinayamba kuchepa, chifukwa popanda mankhwalawo tinalibenso mwayi woposa tinzawo. Kafukufuku wa ku Blantyre wofalitsidwa mu 2006 anapeza chloroquine ikuchizanso ana pafupifupi onse amene anapatsidwa. Sindikuti mukagule chloroquine ayi, tsatirani zimene akuuzani kuchipatala. Ndikuti zimene Darwin anafotokoza zachitika m'magazi mwathu, makolo anu akuona. Namwino kapena mlangizi wa zaulimi amene anaphunzitsidwa kuti evolution ndi nthano sadzamvetsa chifukwa chake wodwala ayenera kumaliza mankhwala, kapena chifukwa chake mankhwala ophera tizilombo m'munda amasiya kugwira.

Choncho kabuku kapena kavidiyo kakakufikani pa WhatsApp kakuti sayansi yagwetsa evolution, musathamangire kukatumiza ku gulu la kalabu. Onani kaye amene wakalemba, amene walipira, ndiponso ngati kakupereka umboni wakewake kapena kakungoloza mipata ya ena. Mipata mu sayansi ilipo ndithu, ndiyo ntchito imene ikudikira inu.

Umboni wina sitichita kukaufuna kunja. Nyanja yathu ili ndi mitundu mazanamazana ya mbuna ndi nsomba zina za banja lomwelo zomwe sizipezeka kwina kulikonse, ndipo akatswiri amachoka kutali kudzaphunzira mmene zinasiyanirana. Ku Uraha, m'boma la Karonga, mu 1991 kunapezeka nsagwada ya munthu wakale ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Ku myuziyamu ya ku Karonga kulinso Malawisaurus, dinosaur wathuwathu. A wapampando, ndikudziwa kuti thiransipoti ndi yodula, koma pokonza ulendo wa kalabu chaka chino, ndikupempha kuti Karonga alowe pa mndandanda. Ndaima pomwepa, amene ali ndi funso akweze dzanja.