Ntchito Yoyesa Nayonso Ndi Ntchito

(Awa ndi mawu amene Woyang'anira Sukulu za Kwacha analankhula kwa ophunzira pa tsiku lolandira masatifiketi.)

 

Lero mwalandira masatifiketi. Tsopano mumatha kulemba dzina lanu. Mumatha kuwerenga kalata ndi kuwonkhetsa masamu. Ena mwa inu muyamba kufuna ntchito ku tauni, ku esiteti kapena m'sitolo pamsika pathu pano. Ena muli ndi ana amene akufuna ntchito. N'chifukwa chake ndati tikambirane za mawu ena amene ofuna ntchito amawamva kawirikawiri. Mawu ake ndi awa: "Yamba wagwira, tikuone kaye."

Zimene anaona mayi wina

Chaka cha 2025, mayi wina amene anaphunzira m'kalasi ngati lanuli anapita ku tauni kukafuna ntchito ya m'nyumba. Dzina lake sinditchula. Mwini nyumba anamuuza kuti, "Mugwire kaye masabata awiri. Mukatisangalatsa tikulembani." Za malipiro sanakambepo chilichonse. Mayiyo anachita manyazi kufunsa.

Anayamba Lolemba. Ankafika m'mamawa. Ankasesa, kukolopa, kuchapa, kusita, kuphika ndi kulera mwana. Anagwira kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, masabata awiri. Ndalama zokwerera minibasi anachita kukongola kwa mlamu wake.

Loweruka lomaliza anamuuza kuti, "Nsima yanu ndi yolimba. Pitani, tikakufunani tidzakuitanani." Anatuluka pageti chimanjamanja. Lolemba lotsatira panyumbapo panali mtsikana wina, nayenso akumuyesa.

Tsono ndikufunseni, amayi ndi abambo. Zovala zimene anachapa zija, zinayera kapena sizinayere? Nsima yolimbayo, anadya kapena anataya? Mwanayo, analeredwa kapena ayi? Eetu. Ntchito inagwiridwa, ndipo eni nyumba anapindula nayo. Ntchito yoyesa nayonso ndi ntchito.

Kuyesa kwenikweni

Tisalakwitse. Wolemba ntchito ali ndi ufulu woona ngati munthu akuidziwa ntchito. Telala angauzidwe kuti asoke msoko umodzi bwana akuona. Dalaivala angauzidwe kuti ayendetse galimoto pang'ono ndi kuibweza m'mbuyo. Wofuna kugulitsa m'golosale angapatsidwe masamu a chenji. Zimenezi zimatenga kanthawi kochepa, ndipo bwana sapezapo phindu. Kumeneku ndiye kuyesa.

Koma telala akasoka mayunifomu a sukulu sabata yonse, bwana n'kugulitsa, kumeneko si kuyesanso ayi. Mlonda akachezera usiku kulondera katundu, katunduyo watetezedwa. Mnyamata akakhala pachigayo tsiku lonse, anthu akugayitsa ndi kulipira, ndalama zalowa. Funso lake ndi limodzi: kodi thukuta langa lapindulira yani? Ngati lapindulira bwana, bwanayo alipire.

Makolo athu anaziona zotere. Nthawi ya atsamunda kunali thangata m'maesiteti a ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba. Anthu ankagwira ntchito yopanda malipiro kuti aloledwe kukhala pamalo a mzungu. Thangata ndi chimodzi mwa zinthu zimene zinawawa John Chilembwe mpaka anaukira atsamunda mu 1915. Thangata anathetsedwa mu 1962. Tisalole kuti abwererenso atavala dzina lina.

Kodi lamulo likuti chiyani?

Malamulo aakulu a dziko lathu, a chaka cha 1994, pa gawo 31, amapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mosaponderezedwa ndi kulandira malipiro oyenera.

Palinso lamulo la za ntchito la chaka cha 2000. M'lamulo limeneli muli zinthu zinayi zimene ndikufuna muzisunge.

Choyamba, pangano la ntchito likhoza kukhala lolemba kapena la pakamwa. Onse awiri ndi mapangano. Bwana asakunamizeni kuti, "Palibe pepala limene tinasayinirana."

Chachiwiri, lamuloli limalola nthawi yoyesedwa kwa munthu wa ntchito ya luso, koma isapitirire miyezi 12. Pa nthawi imeneyi bwana akhoza kukuchotsani popanda notisi, ndipo inunso mukhoza kusiya popanda notisi. Koma munthu woyesedwayo ali kale pa ntchito. Masiku onse amene wagwira ayenera kulipidwa.

Chachitatu, bwana amene ali ndi antchito 5 kapena kuposerapo ayenera kukupatsani pepala lofotokoza ntchito yanu, malipiro anu ndi maola anu, pasanathe mwezi umodzi chiyambireni ntchito.

Chachinayi, boma limaika malipiro otsikitsitsa. Nduna ya za Ntchito imawakhazikitsa itakambirana ndi mabungwe a olemba ntchito ndi a ogwira ntchito. Bwana wolipira ndalama zochepera pamenepo walakwira lamulo.

Tiwerengere limodzi

Mu 2021 malipiro otsikitsitsa a antchito ambiri anali K50,000 pa mwezi. Mu 2024 anakwera kufika pa K90,000. Mu Juni 2025 anafika pa K126,000. A ntchito za m'nyumba ali ndi mlingo wawo. Mu Juni 2025 mlingo wawo unaikidwa pa K72,800 pa mwezi. Ndalama zimenezi zimasintha. Choncho musanayambe ntchito, kafunseni mlingo watsopano ku ofesi ya Leba ku boma kwathu.

Tsopano tulutsani makope. Powerengera malipiro amenewa, mwezi umakhala ndi masiku 26 ogwira ntchito. Tikagawa K72,800 ndi 26 tipeza K2,800. Amenewo ndiwo malipiro a tsiku limodzi. Mayi uja anagwira masiku 12. Tichulukitse K2,800 ndi 12. Mwapeza zingati? Zoona, K33,600. Ndalama zimenezi ndizo anazisiya m'nyumba muja. Si mphatso ayi. Ndi zake.

Kope linamuthandiza

Mayiyu anali ndi chizolowezi chimodzi chabwino. Alangizi ake anamuphunzitsa kulemba tsiku ndi deti. Pofuna kuti dzanja lisaiwale, madzulo aliwonse ankalemba m'kope mwake tsiku, nthawi yofikira, nthawi yowerukira ndi ntchito imene wagwira. Sankadziwa kuti akusunga umboni.

Atandifotokozera nkhaniyi, ndinamuuza kuti atenge kopelo apite nalo ku ofesi ya Leba. Kumeneko analemba kalata yoitana mwini nyumba uja. Poyamba iye anakana. Anati mayiyo anangobwera masiku atatu. Mayiyo anatsegula kope n'kuyamba kuwerenga yekha, tsiku ndi tsiku, mpaka tsiku limene anachapa makatani ndi tsiku limene mwana anadwala malungo. Mwini nyumba anasowa chonena.

Sindikunamizani kuti zinali zophweka. Anayenda katatu konse. Ntchito ija sanaipeze. Koma ndalama zake analandira, ndipo anabweza ngongole ya mlamu wake.

Mnyamata wina wa m'dera lomweli anagwira pachigayo pafupifupi mwezi wathunthu, akumuyesa. Iye sanalembe kanthu. Atafunsidwa tsiku limene anayamba, anangoti, "Chimanga chili chiwisi." Mboni analibe. Nkhani yake inathera pomwepo.

Muzichita chiyani?

Funsani musanagwire tsache kapena khasu. Safunsa anadya phula. Funsani mwaulemu kuti, "Bwana, mundiyesa masiku angati? Pa tsiku mundipatsa zingati? Ndidzalandira liti?"

Pemphani kuti zimene mwagwirizana zilembedwe. Akakana, lembani nokha m'kope pamaso pawo. Ngati n'kotheka pakhale munthu wina womva.

Lembani tsiku lililonse limene mwagwira, pamodzi ndi maola ake. Mukalandira ndalama, ngakhale zochepa, lembaninso.

Musasayine kapena kudinda chala papepala limene simunawerenge. Werengani pang'onopang'ono. Likakuvutani, pemphani kuti mupite nalo kwa alangizi anu.

Akakukanizani malipiro, musatukwane, musamenye munthu, ndiponso musatenge katundu wa bwana kuti mudzilipire nokha. Mukatero mlandu udzatembenukira inu. Pitani msanga ku ofesi ya Leba, musadikire kuti papite miyezi. Zikakanika kumeneko, nkhani imapita ku khoti loona milandu ya za ntchito.

Ndaona bambo uko akupukusa mutu. Ndikudziwa zimene mukuganiza, bambo. Mukuti, "Ntchito zikusowa. Ndikafunsa za ndalama adzatenga wina." Zoonadi, nthawi zina zimatero. Njala imapweteka, ndipo sindingamuseke munthu amene wavomera chifukwa ana agona ndi njala. Koma taganizani. Bwana amene wakwiya chifukwa mwafunsa malipiro anu tsiku loyamba, kodi pakutha pa mwezi adzakulipirani mokondwa? Ndipo ngati mwavomera chifukwa chosowa pogwira, lembanibe masiku anu. Kope silidya nsima. Komanso tonse tikamafunsa, bwana sadzapeza womuyesa mwaulere. Mutu umodzi susenza denga.

Mawu kwa ife eni

Ndisanakhale pansi, ndinene ichi. Mabwana si a ku tauni okha. Ena mwa ife tili ndi okala, ena ngolo, ena timalemba anyamata otithandiza kumunda. Ena timatenga mwana wa mbale wathu kumudzi n'kumati, "Tikumuona kaye." Miyezi n'kumapita osamupatsa kanthu. Ineyo ndinakhala mphunzitsi zaka zambiri, ndipo ndinaziona zimenezi ngakhale m'nyumba za ife aphunzitsi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ngati mukufuna kumuyesa munthu, muuzeni masiku ake ndi ndalama zake. Akalephera, mulipireni masiku amene wagwira, musiyane bwino.

Amayi ndi abambo, satifiketi mukaisunge bwino m'chikwama. Koma kope ndi cholembera musazisunge. Muziyenda nazo.

Mafunso okambirana m'gulu

1. Kodi kuyesa kwenikweni kumasiyana bwanji ndi kugwira ntchito yaulere?
2. Tchulani mafunso atatu oyenera kufunsa musanayambe ntchito.
3. N'chifukwa chiyani mayi uja analandira ndalama zake pamene mnyamata wa pachigayo sanalandire?
4. Munthu wagwira masiku 9 pa K2,800 pa tsiku. Alandire zingati?

Ntchito yolemba

Jambulani mizere inayi m'kope mwanu. Pamwamba lembani mawu awa: Tsiku, Kufika, Kuweruka, Ntchito. Lembani ntchito zimene mugwire sabata ino, ngakhale za kumunda kwanu. Mukawaonetse alangizi anu.