Bwalo la Cifanizo ca Ufulu ndi la Mlimi Yemwe

Mau opita kwa anthu a ku Petauke ndi ku Nyimba

Mlimi akaoloka mlatho wa Luangwa nafika mu Lusaka, asabwerere asanaone bwalo lili pa mseu wa Independence Avenue. Pamenepo paimirira cifanizo ca munthu wokweza manja, maunyolo oduka ali lendelende m'mikono mwake.

Cifanizoci cinaimikidwa mu October 1974, m'nthawi ya Pulezidenti Kenneth Kaunda, Zambia atakwanitsa zaka 10 za ufulu. Anaciumba ndi James Butler wa ku Britain, pokumbukira a Zanco Mpundu Mutembo a ku Mbala, omenyera ufulu amene mbiri yao imati anadula maunyolo pamaso pa asilikali a atsamunda. Caka ndi caka pa 25 May, atsogoleri amaikapo nkhata za maluwa.

Bwaloli si la anthu a m'tauni okha. Kwa zaka zambiri cifanizoci cinasindikizidwa pa ndalama za pepala, zomwezo mlimi analandira pogulitsa nshawa ndi thonje. Ufulu unafika m'mudzi. Mudzi uusunge ndi khasu.