KAGALASI KA M'DISO KAKAFUNA KUSINTHIDWA

 Madzulo ano tikambirana za maso, makamaka za anthu aja amene anacotsedwa ng'ala ku cipatala, napenya bwino zaka zingapo, koma tsopano aona kuti nkhungu yayambanso kubwera. Ambiri a iwo amati, "Ng'ala yamera kaciwiri," ndipo amangokhala pakhonde kudandaula. Ena anamva kuti kagalasi kamene adotolo anaika m'diso kangathe kusinthidwa, ndipo afuna kudziwa ngati nzoona. Inde, kangathe kusinthidwa. Koma nchito imeneyi sicitika kawirikawiri, ndipo anthu oculuka amene maso ao acitanso mdima safunika nchitoyo konse.

Tiyambe ndi diso lenilenilo. Kumbuyo kwa kamwana ka diso, kakuda kaja kali pakati, kuli kanthu koonekera ngati dontho la madzi, kukula kwace ngati njere ya cimanga. Nchito yace ndiyo kusonkhanitsa kuwala ndi kukuponya pa kansaru ka kumbuyo kwa diso, monga makina a kanema aponyera zithunzi pa nsaru. Kanthuka kakhala m'kathumba kopyapyala, ndipo kathumbako kalenjekeka pa tizingwe tambirimbiri tocepa koposa tsitsi, monga macila a kale analenjekeka ku mtengo wace. Munthu akakalamba, kapena akadwala nthenda ya shuga, kapena diso likalasidwa, kanthu kaja kacita mbuu ngati madzi otsukira mpunga. Imeneyo ndiyo ng'ala, ndipo pa dziko lonse lapansi palibe nthenda yina imene icititsa anthu khungu koposa iyo. Adotolo acotsa koonongekako, nasiya kathumba, naikamo kagalasi ka pulasitiki. Pakati pace pali mamilimita 6 okha, ndipo kali ndi timiyendo tiwiri topindika timene kagwira nato m'kathumbamo. Sikaola, sikacita dzimbiri, ndipo mwa anthu oculuka kakhala momwemo moyo wao wonse.

Nzeru imeneyi inabadwa pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Dotolo wa maso wa ku England, dzina lace Harold Ridley, amene anagwiranso nchito ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana, anaona cinthu codabwitsa m'maso a oyendetsa ndege za nkhondo. Zenera la ndege likasweka ndi cipolopolo, tizidutswa ta pulasitiki ya Perspex tinkalowa m'maso mwao, koma diso linkangokhala nato osatupa monga licita ndi citsulo kapena munga. Pa 29 November 1949, m'cipatala ca St Thomas ku London, iye anayesa koyamba kuika kagalasi ka Perspex m'diso la munthu. Tigalasi toyambato tinali tolemera, mphamvu ya koyambirirako inalakwika kwambiri, ndipo tina tinasendemuka pa malo pace kotero kuti tinayenera kucotsedwa. Muona tsono kuti nchito yocotsa kagalasi inayamba nthawi yomweyo imene inayamba nchito yokaika. Madotolo anzace anamtsutsa zaka zambiri, ndipo ulemu wa Sir anaulandira m'caka ca 2000 ali ndi zaka 93.

Kuno ku Africa tigalasiti tinafika mocedwa cifukwa ca mtengo wace. Akulu akumbukira magalasi ocindikala aja, onga pansi pa botolo, amene munthu ankavala atacotsedwa ng'ala. Akasweka kapena kutayika, munthuyo ankabwerera ku mdima. Zinthu zinasintha pamene fakitale ya Aurolab ku Madurai, m'dziko la India, inayamba kupanga tigalasi ta mtengo wocepa m'caka ca 1992, ndipo m'caka ca 1994 mafakitale ena anatsegulidwa ku Eritrea ndi ku Nepal ndi thandizo la bungwe la Fred Hollows.

NKHALAMBA ZITATU, DANDAULO LIMODZI

Tiyerekeze nkhalamba zitatu za ku Kaunda Square, zonse zocotsedwa ng'ala, zonse zinena mau amodzimodzi: "Sindipenyanso bwino."

Woyamba ndi mai amene anapenya bwino zaka ziwiri, koma pang'onopang'ono nkhungu yabwera, ndipo usiku nyali za magalimoto pa Great East Road zimthobwa m'maso. Adotolo akayang'ana apeza kuti kagalasi kali bwinobwino pa malo pace, koma khoma la kumbuyo la kathumba kaja lacita mbuu, monga zenera labwino limene kuseri kwace kwamatidwa pepala. Ici ndico cifukwa cacikuru koposa zonse cimene anthu amanenera kuti ng'ala yabwerera. Ng'ala yocotsedwa simeranso. Mankhwala a mai uyu ndi makina a laser, amene aponya kuwala kwamphamvu ndi kuboola kazenera m'khoma lija. Munthu akhala pampando mphindi zocepa, palibe mpeni, palibe kugona m'cipatala, ndipo kawirikawiri mawa lace apenya monga kale.

Waciwiri ndi bambo amene ciyambire opareshoni apenya minibasi ikali kutali, koma satha kuwerenga kalata kapena nambala za pa foni. Uyu sadwala. Kagalasi ka masiku onse kali ndi mphamvu imodzi yokha, ndipo adotolo asankha mphamvu yopenyera kutali. Cimene bambo uyu asowa ndi magalasi owerengera basi.

Wacitatu anali wa ku mgodi, ndipo kale mwala unamlasa m'diso lomwelo. Tsiku lina aona zinthu ziwiriziwiri ndi diso limodzi; akagwedeza mutu zinthu zinjenjemera; nthawi zina aona ngati mkombero wa galasi uli m'mphepete. Mwa iye tizingwe tija taduka, ndipo kagalasi kapendekeka pamodzi ndi kathumba kace. Uyu ndiye amene adotolo angamuuze za kubweza kagalasi pa malo pace, kapena kukacotsa ndi kuika kena.

Anthu atatuwa sakanatha kudziwa okha cimene cabvuta, cifukwa zonsezi zicitika m'kati mwa diso, ndipo zioneka pokhapokha adotolo atathira mankhwala okulitsa kamwana ka diso ndi kuyang'anamo ndi makina ao. Akale anati safunsa anadya phula.

ZIFUKWA ZOSINTHIRA

Cifukwa coyamba ndi cimene tanenaci, kusendemuka kwa kagalasi. Cingacitike masiku ocepa itatha opareshoni, kapena zitapita zaka 10 ndi kuposa. Tizingwe tifooka ndi ukalamba, ndi kumenyedwa kapena kugwa, ndi nthenda yina imene imwaza tinthu tonga mfundu m'kati mwa diso, ndiponso ndi cizolowezi cotikita diso mwamphamvu. Nthawi zina kagalasi kagwera pansi peni peni, kumbuyo kwa diso, ndipo munthu adzidzimuka kuti zonse zacita cizirezire.

Caciwiri ndi mphamvu yolakwika. Asanacotse ng'ala, adotolo ayesa utali wa diso ndi kupindika kwa khungu lace la kutsogolo, ndipo ndi miyeso imeneyo awerengera mphamvu ya kagalasi. Kulakwa milimita imodzi yokha pa utali wa diso kukwanira kuti munthu asapenye bwino. Kulakwako kukakhala kwakung'ono, magalasi ovala akonza. Kukakhala kwakukuru, kotero kuti maso awiri sagwirizana ndipo mutu uwawa, kusintha kagalasi kungathandize.

Cacitatu, mitundu yina ya tigalasi tofewa imera mcere woyera m'kati mwace patapita zaka, monga ketulo imera zoyera ndi madzi a m'citsime ca muno mu Lusaka. Mcere umenewo laser siucotsa, madontho saucotsa. Kagalasi kayenera kutuluka. Cacinai, kamwendo ka kagalasi kangakhale pa malo olakwika ndi kumakhula mnofu wa diso, ndipo diso lifiira, liwawa, likha mwazi m'kati, kapena madzi a m'diso apanikiza koposa muyeso. Pomariza, pali tigalasi ta mtengo wapatali topenyera kutali ndi pafupi pomwe, timene anthu ena sagwirizana nato cifukwa usiku aona mikombero ya kuwala pa nyali iri yonse.

Apa pali mau amene ndifuna muwasunge. Ngati pali ganizo lakuti kagalasi kasinthidwe, uzani adotolo asanaboole kathumba ndi laser, cifukwa kathumba kobooka sikacedwa kung'ambika pocotsa kagalasi, ndipo katsopano kasowa pokhala. Ndiponso ngati mwaona kuti mphamvu siiri bwino, nenani m'milungu yoyamba. Pa nthawi imeneyo kagalasi katuluka mosabvuta, koma ikapita miyezi kathumba kafota ndi kukagwira zolimba.

M'MENE NCHITOYO ICITIKIRA

Kawirikawiri munthu sagonekedwa tulo. Diso lokha ndilo acititsa dzanzi ndi madontho kapena jekeseni. Adotolo atsegula kacironda m'mphepete mwa diso, namasula kagalasi pang'onopang'ono. Kakakhala kofewa akadula pakati ndi timasizasi kali m'diso momwemo, natulutsa cidutswa cimodzicimodzi. Kakakhala kolimba, cironda ciyenera kukula kufika mamilimita 6 kapena 7. Katsopano kalowa m'kathumba komweko ngati kali kolimba. Ngati kathumba kang'ambika, akaika patsogolo pace. Ngati katheratu, akakoleka ku mnofu wozinga kamwana ka diso, kapena akamangirira ku khoma loyera la diso. Kagalasi kamene kagwera kumbuyo kafuna dotolo wodziwa nchito ya kumbuyo kwa diso, ndi makina amene sapezeka m'cipatala ciri conse.

Sindikubisirani kuti nchito iyi ndi yolemera koposa yoyamba ija. Itenga nthawi yaitali, diso licedwa kupola, ndipo zoopsya ziripo: tizirombo tingalowe m'cironda, khungu la kutsogolo lingatupe ndi kucita mbuu, kansaru ka kumbuyo kangamatuke, madzi a m'diso angapanikize. Cifukwa ca ici dotolo wanzeru sathamangira mpeni. Ngati kagalasi kapendekeka pang'ono ndipo munthu apenyabe, angati, "Tiyeni tikayang'anire miyezi ingapo." Musayese kuti wakukanizani thandizo. Mufunseni zinthu izi: cabvuta nciani, cingacitike nciani ndikangolisiya, ndipo ndingayembekeze kupenya kufika pati? Diso limene kansaru kace kanaonongeka kale ndi shuga silingapenye bwino ngakhale lilandire kagalasi kabwino kotani, ndipo nkwabwino kudziwiratu.

KOPITA

Inu a ku Kaunda Square ndi Chelstone, yambani ku kiliniki ya kwanu kuti mulandire kalata. Pafupi nanu, ku Chainama, pali cipatala ca Levy Mwanawasa, cimene cinatsegulidwa m'caka ca 2011. Ku UTH kuli cipatala ca maso okhaokha, ndipo ku Makeni kuli Lusaka Eye Hospital. A ku migodi ali ndi cipatala ca maso ku Kitwe, ndipo a kum'mawa adziwa cipatala ca Mwami pafupi ndi Chipata. Popita tengani makalata onse a opareshoni yoyamba, makamaka kapepala kolembedwa mtundu ndi mphamvu ya kagalasi ngati anakupatsani, pamodzi ndi mankhwala onse amene mumwa. Pa tsiku la opareshoni pitani ndi mbale wokuperekezani, cifukwa mudzabwera diso liri lomangidwa.

Mukabwera kwanu, sambani m'manja musanathire madontho, ndipo thirani monga anakuuzani kufikira masiku ace atakwana, ngakhale diso laleka kuwawa. Usiku valani cophimba cija kuti cala cisafike m'diso muli m'tulo. Pewani fumbi, utsi wa mbaula, madzi a sopo ndi kunyamula zolemera. Inu a pansi pa mgodi, ndi inu oswa miyala ndi oocherera zitsulo, musabwerere ku nchito adotolo asanalole, ndipo mukabwerera magalasi otetezera asacoke pankhope. M'diso musathire madzi a masamba, mkaka wa m'mawere, kapena madontho otsala a mnansi. Kupola kungatenge milungu ingapo. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Koma pali zizindikiro zimene sizifuna kudekha. Diso likayamba kuwawa kwambiri, likafiira ndi kutuluka mafinya, kupenya kukacepa mwadzidzidzi, mukaona kung'anima ngati mphezi kapena cinsaru cakuda cikutsika mbali imodzi, pitani ku cipatala tsiku lomwelo, ngakhale ndi Lamlungu, ngakhale tsiku limene anakulemberani likali kutali. Tizirombo ta m'diso tingathe kuliononga m'masiku awiri.

Tsono ngati pakhomo panu pali agogo amene anapenya atacotsedwa ng'ala, koma lero ayambanso kufufuza khomo ndi manja, musawauze kuti ndi ukalamba cabe. Apezereni ndalama ya basi ndi mwana wowagwira dzanja, apite adotolo akayang'ane m'disomo. Kapena ndi laser ya mphindi zocepa, kapena ndi magalasi, kapena ndi kagalasi kofuna kusinthidwa; akafika kumeneko adzamva.