AMAI A M'MBALI MWA NJANJI KU MEXICO

(Mau amene mlendo wathu analankhula pa tsiku lokumbukira kuyambika kwa Chigwirizano cha Amai)

 

Pamene kalata yanu inandipeza, yondipempha kuti ndidzalankhule za ntchito zachifundo, ndinadzifunsa kuti kodi ndikanena chiani kwa anthu amene akhala akugwira ntchitoyi zaka zonsezi. Ndani mwa inu amene sanatungireko madzi nkhalamba, kapena kuchezera pa maliro, kapena kupita ndi phala ku chipatala? Tsono ndinaganiza zongokutengerani nkhani ya amai a dziko lina lakutali, kuti timve m'mene anzathu agwirira ntchito yomweyi kwao. Paja akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Dzikolo ndi Mexico. Liri kutsidya kwa nyanja yamchere, kumwera kwa United States, ndipo muli anthu oposa 120 miliyoni. Ngakhale liri kutali chotero, tiri nacho chinthu chimodzi chochokera kumeneko chimene timachigwira tsiku ndi tsiku: chimanga. Makolo a anthu a ku Mexico ndiwo anayamba kulima chimanga zaka zikwi zambiri zapitazo, ndipo kuchokera kwa iwo mbeuyi inafalikira m'maiko mpaka inafika m'nkhokwe zathu. Chotero ndi anthu odziwa mphero ndi utsi wa kukhitchini monga ife.

Chizolowezi chothandizana ndi chakale pakati pao. M'midzi ya chigawo cha Oaxaca muli mwambo umene amautcha tequio. Banja liri lonse limapereka masiku ogwira ntchito ya mudzi popanda malipiro, monga kulambula mseu, kukonza ngalande ya madzi, kapena kumanga sukulu. Atsamunda a ku Spain atafika anaupotoza mwambowu nausandutsa ntchito yokakamiza, monga momwe thangata linapotozedwera kwathu kuno, koma eni ake anausunga ndipo ulipo mpaka lero. Anthu ambiri a ku Mexico, akafuna kupereka, amakonda kupereka pamanja kwa munthu amene akumuona, kapena ku tchalitchi, kapena kupereka thukuta lao, kusiyana ndi kutumiza ndalama ku mabungwe.

Mtima umenewu unaonekera poyera pa 19 September 1985, pamene chibvomezi chachikulu chinagwedeza mzinda wa Mexico City m'mamawa. Nyumba zosanja, zipatala ndi mafakitale zinagwa, ndipo anthu zikwizikwi anafa. Thandizo la boma linachedwa. Anthu wamba sanadikire: ana a sukulu, amisiri, madalaivala ndi amai a pakhomo anatuluka ndi zidebe ndi mafosholo, ena anangopita ndi manja ao, nayamba kufukula anzao. Ena ankaphika, ena ankanyamula madzi. Gulu lina la anyamata linazolowera kukwawa m'mapanga a zigumukire kufunafuna amoyo, ndipo anthu analitcha Topos, ndiye kuti mifuko, tinyama tija tokumba pansi. Gululi linakhazikika, ndipo lakhala likupita kukathandiza ku maiko ena, monga ku Haiti m'chaka cha 2010. Anthu ambiri a ku Mexico amati chaka cha 1985 ndi pamene anazindikira kuti anthu wamba akagwirizana ali ndi mphamvu yaoyao. Chibvomezi china chitabwera pa tsiku lomwelo la 19 September m'chaka cha 2017, ana a anthu aja anachita monga anachitira makolo ao.

Koma nkhani imene ndadzera makamaka ndi ya amai a m'mudzi wina waung'ono wa m'chigawo cha Veracruz, pafupi ndi tauni ya Córdoba, dera la minda ya nzimbe ndi khofi. Mudziwo umatchedwa La Patrona, ndipo pakati pake pamadutsa njanji.

Pa njanjiyo pamayenda sitima za katundu zochokera kumwera kupita kumpoto. Anthu osauka a ku Honduras, Guatemala, El Salvador ndi Nicaragua, othawa umphawi ndi zigawenga kwao, amakwera pa madenga a mabogi a sitimazi pofuna kukafika ku United States. Ulendowo ndi wa makilomita oposa 2,000. Pamwamba pa bogi palibe mpando, palibe mthunzi, palibe madzi. Munthu akaodzera amagwa, ndipo ambiri aduka miyendo kapena kufa. Achifwamba amawalanda ndalama, ndipo akazi ambiri amachitidwa zoipa panjira. Nchifukwa chake sitimayo anaipatsa dzina lakuti La Bestia, kutanthauza chirombo.

M'mwezi wa February 1995, akazi awiri apachibale, Bernarda ndi Rosa Romero, anatumidwa ndi mai ao kukagula buledi ndi mkaka za chakudya cha m'mawa. Pobwerera anapeza sitima ikudutsa, naima kudikira kuti aoloke. Anthu a pa bogi loyamba anawapfuulira kuti ali ndi njala. A pa bogi lachiwiri anapfuulanso chimodzimodzi. Akaziwo anayang'anana, kenaka anaponya buledi uja, naponyanso mkaka. Anafika kunyumba chimanjamanja, ali ndi mantha kuti akalipiridwa.

Amai anzanga, taganizani mutakhala inu. Ndalama ya chakudya cha banja lonse yapita ndi anthu osawadziwa. Ambiri a ife tikadafunsa kuti kodi anthuwo ndi abale ako? Koma mai ao, a Leonila Vázquez, atamva nkhaniyo sanakalipe. Anati anawo achita bwino, ndipo anaitana banja lonse kuti apangane chochita. M'mawa mwake anaphika mpunga, nyemba ndi timikate tapyapyala ta ufa wa chimanga totchedwa tortilla, namanga timaphukusi pafupifupi 30, nakaima m'mbali mwa njanji. Kuyambira tsiku limenelo moto wa pa mafuwa ao sunazime, ndipo m'chaka cha 2025 anakwanitsa zaka 30 ali pa ntchitoyi. Anthu anawatcha Las Patronas potengera dzina la mudzi wao.

Ndifuna mumve bwino kagwiridwe kake ka ntchito, chifukwa inu ndinu odziwa kuphikira anthu ambiri. Amaiwa sanachulukepo kwenikweni. Ndi kagulu ka anthu osafika 20, ambiri a iwo apachibale ndi oyandikana nyumba. Anagawana masiku, kotero kuti ali yense ali ndi tsiku lake loyang'anira kukhitchini. Amaphika m'miphika ikuluikulu pa moto wa nkhuni, ndipo pa nyengo imene apaulendo anali ochuluka ankamanga maphukusi okwana 300 pa tsiku, nthawi zina kuposerapo. Chakudya amachiika m'timatumba tapulasitiki namanga mfundo yolimba. Madzi amathira m'mabotolo akale otsukidwa bwino, namangirira mabotolo awiri kapena atatu pa chingwe chimodzi, kuti munthu wa pa sitima athe kukola chingwecho ndi dzanja limodzi pamene dzanja lina lagwira chitsulo.

Sitimayo siima. Akangomva kulira kwake, amai amathamanga ndi mawilibala ndi mabokosi, naima pafupi zedi ndi njanji, mkono uli m'mwamba. M'mphindi zowerengeka mabogi onse adutsa. Woyendetsa wachifundo amachepetsako liwiro, wina sachepetsa. Amai amabwerera ndi mabokosi opanda kanthu, osadziwa ngakhale dzina limodzi la anthu amene awadyetsa.

Musaganize kuti anthu anawaombera m'manja pachiyambi. Anzao a m'mudzi ankawanena kuti ndi openga, kuti akudyetsa mbava, ndi kuti adzamangidwa. Amai ena amene anayamba nao analeka chifukwa cha mantha kapena chifukwa amuna ao anawaletsa. Manthawo sanali opanda pake, pakuti masiku amenewo munthu wothandiza olowa m'dziko popanda mapepala ankatha kuimbidwa mlandu wozembetsa anthu. Mai wina wa m'chigawo cha Querétaro anamangidwa m'chaka cha 2005 atapezeka akudyetsa anthu a ku Honduras pakhomo pake, ndipo anakhala m'ndende mpaka 2007. M'chaka cha 2008 ndi pamene zinamveka bwino m'malamulo a dzikolo kuti kuthandiza mlendo popanda kufunapo phindu si mlandu. Chotero kwa zaka 13 amai a ku La Patrona ankaphika mpunga uja ndi mtima uli m'mwamba, koma sanaleke.

Mwana wina wa a Leonila, dzina lake Norma Romero, ndiye anadzakhala mtsogoleri wa gululi. Iye amasimba za usiku wina pamene anaitanidwa kukathandiza mwamuna wina wa khungu lakuda amene anabvulala kwambiri pa sitima. Anzake anamtsitsa kuchokera padenga la bogi pang'onopang'ono, ena atagwira mkono uwu, ena mkono uwo, manja ali otambasuka. Norma amati poyang'ana m'mwamba anaona ngati akutsitsa Ambuye pa mtanda, ndipo kuyambira pamenepo sanafunsenso kuti akutumikira yani. Amaiwa ndi a mpingo wa Katolika, koma pa njanji safunsa munthu mpingo wake kapena mtundu wake.

Pang'onopang'ono mbiri yao inamveka. Eni masitolo ndi ogulitsa pamsika anayamba kuwapatsa buledi ndi ndiwo zamasamba zotsala. Ana a m'masukulu aukachenjede anayamba kubwera kudzathandiza kutsuka mabotolo ndi kumanga maphukusi. M'chaka cha 2013 boma la Mexico linapatsa Norma Romero mphotho ya dziko lonse ya omenyera ufulu wa anthu, ndipo m'chaka cha 2014 kunatuluka kanema wosimba za moyo wao. Chaka chomwecho boma linakhwimitsa ulonda pa njanji, kotero kuti apaulendo ambiri anayamba kuyenda pansi, nafika ndi mapazi otupa ndi zilonda. Amai sanati ntchito yatha. Anakuza nyumba yao ya alendo, momwe munthu amatha kusamba, kugona ndi kumangidwa mabala asanapitirire. A Leonila anamwalira m'chaka cha 2025 ali okalamba, koma ana ndi adzukulu ao akupitiriza.

Tsono nkhani imeneyi itiuza chiani ife? Kwathu timati kupatsa nkuika. Mau amenewa ndi oona, ndipo ndi amene amanga midzi yathu: ndikapita ndi ufa pa maliro a kwanu, ndidziwa kuti tsiku langa likadzafika inunso mudzabwera. Koma tiyeni tidzifunse moona mtima. Ngati timapatsa okhawo amene adzatibwezera, nanga munthu wongodutsa adzadya kwa yani? Amai a ku La Patrona amaika chuma chao m'manja mwa anthu amene sadzawaonanso. Palibe amene adzabwere kudzalira maliro ao chifukwa cha mpunga uja. Apa ndi pamene kalumo ka alendowa kandicheka ine.

Ndipo nkhaniyi siiri kutali ndi ife monga tiganizira. Ndi angati muno amene muli ndi mwana kapena mlongo amene anapita ku Joni pa mseu wodzera ku Tete, ndalama zosakwana, mapepala osalongosoka? Usiku umene inu munkalephera kugona, mwina mai wina wa dziko la eni anampatsa madzi akumwa mwana wanuyo. Komanso m'dziko lathu lino mumadutsa anthu ochokera ku Ethiopia ndi maiko ena a kumpoto, olunjika ku South Africa. Tonse tinamva za mitembo pafupifupi 30 imene inapezeka m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba m'chaka cha 2022. Ali yense wa iwo anali ndi mai wake amene ankadikira uthenga.

Sindikunena kuti mawa tonse tikaime pa mseu ndi miphika. Ndikupempha zinthu zitatu zokha. Choyamba, tisadikire kuti tikhale ndi zambiri. Amai aja anayamba ndi buledi ndi mkaka wa tsiku limodzi. Chachiwiri, tigawane masiku ndi kuwasunga, chifukwa chifundo cha tsiku la chikondwerero chokha sichikhutitsa munthu. Chimene chawasunga anzathuwa zaka 30 ndi chakuti ali yense amadziwa tsiku lake. Chachitatu, pamene mukonza ndondomeko ya chaka chikudzachi, musiyeko malo a munthu amene si wa mpingo wathu, si wa mudzi wathu, ndipo sadzatha kutithokoza: wodikira wodwala ku chipatala amene kwao nkutali, wandende amene alibe womuyendera, wapaulendo amene ndalama zamthera pa depoti. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Tikazengereza tidzapeza wapita ndi njala yake.

Amai a pampando, ndalankhula nthawi yaitali ndipo ndamva kuti kukhitchini zapsa. Ndikufunirani zaka zina zambiri za kugwirizana ndi kutumikira. Ambuye akudalitseni nonse.