Nsomba Ikamalawa Nyambo

Mawu athu lero ali pa Mateyu 17:24-27.

Ine ndinakulira m'komboni ya Chawama muno mu Lusaka, kumene nsomba timaidziwa ili kale pamsika: kapenta wa ku Siavonga, buka buka wa ku Mpulungu. Mbedza ndinaigwira koyamba imvi zitayamba kale. Inu a kumudzi mundiseke, palibe kanthu.

Anandiphunzitsa ndi mkulu wina wa mpingo wathu, wobadwira ku Chanyanya, m'mbali mwa mtsinje wa Kafue. Tinapita kwawoko mu Epulo, pakuti kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale boma limatseka usodzi kuti nsomba ziswane. Zida zathu sizinali za m'sitolo ayi: nsungwi yaitali, chingwe cha nayiloni, mbedza yaing'ono, kanati kachitsulo kokokera nyambo pansi, ndi kachidutswa ka patapata wakutha koyandama pamwamba. Nyongolotsi zinali m'chitini cha dothi lonyowa. Anandionetsa kuveka nyongolotsi mpaka nsonga ya mbedza ibisike. Anandiuzanso kukhala chapatali ndi madzi chifukwa cha ng'ona, ndiponso kuti chithunzithunzi changa chisagwere pamene ndaponya.

Zonsezi ndinazigwira msanga. Chimene chinandivuta ndi kapatapata kaja.

Katangogwedezeka pang'ono, ine ndinakoka ndi mphamvu zanga zonse. Mbedza inatuluka yokha, nyambo itapita. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu mkuluyo anandigwira dzanja nati, "Abusa, imeneyo ikungolawa. Mukakoka tsopano mwaithamangitsa, ndipo yapita ikudziwa kuti pano pali chitsulo. Dikirani kamire."

Ndinakhala chete. Maganizo anga sanalinso pa nsomba.

Ndili ndi mwana wamwamuna amene anasiya kupemphera zaka zitatu zapitazo, nalowa m'gulu la anyamata a m'mabala. Tsiku lina anabwera yekha kunyumba, nandifunsa ngati kwaya idakaphunzirabe Lachisanu. Funso limodzi lokha. Ine pomwepo ndinatsegula Baibulo, ndinamuwerengera machimo ake onse, ndinamuuza kuti Lamlungu akaime kutsogolo alape. Anamwa tiyi wake, natuluka. Miyezi isanu ndi umodzi osaponda pakhomo. Mwana ankangolawa, ine ndinakoka.

Tiyeni tsopano ku Kapernao. Okhometsa msonkho wa Kachisi anafunsa Petro ngati Mphunzitsi wake amapereka, ndipo iye anayankha pomwepo, asanafunse n'komwe. Ndiye Petro ameneyo, wa phuma, yemwe pambuyo pake anadula munthu khutu m'munda. Onani ntchito imene Yesu anam'patsa. Petro anali msodzi wa makoka, wozolowera ngalawa, anzake ndi phokoso. Koma tsiku limenelo anatumidwa kunyanja ndi mbedza, kukadikira nsomba imodzi, yoyamba kukodwa, imene m'kamwa mwake munali ndalama yokwanira anthu awiri. Yesu akanatha kuitulutsa ndalamayo m'thumba. Ine ndimaganiza kuti anafuna munthu wa phumayu akakhale pansi kaye.

Amayi, muli ndi bambo kunyumba amene sanalowepo m'tchalitchi, koma dzulo anakufunsani kuti, "Kodi alalikira zotani lero?" Ayankheni zimene afunsazo, muwapatse nsima. Nkhani ya mowa ndi ya chakhumi idikire. Akulu a mpingo, mtsikana uja munamuika pa chilango wayamba kuima kuseri kwa zenera nthawi ya nyimbo. Musatume munthu kukamugwira dzanja pamaso pa anthu. Sindikunena kuti tchimo tizilisekerera. Nthawi yokoka imafika, ndipo ikafika dzanja lisanjenjemere. Koma ambiri a ife timaluza anthu pa kugwedezeka koyamba.

Dzuwa litapendeka, kapatapata kanga kanamira zii. Ndinakoka, ndipo panatuluka kansomba kosaposa chikhatho changa. Mkuluyo anaseka mpaka misozi.

Lamlungu lapitali mwana wanga anabwera. Anakhala pa benchi yomaliza, pafupi ndi chitseko, natuluka tisanadalitse. Ndinamuona ndili pa guwa, dzina lake linafika pakamwa, ndinalimeza.

Tipemphere. Ambuye Yesu, inu amene munatuma Petro kunyanja ndi mbedza imodzi, gwirani dzanja langa. Sungani mwana wanga sabata ino, ndi ana a onse amene akumvetsera. Ameni.