Mawu a mlendo wolemekezeka pa chionetsero cha zisudzo za masukulu ku Chongwe

  Masewero onse andikomera, koma mundilole ndikhalitseko pa Macbeth, chifukwa pamene mtsikana uja wosewera mkazi wa Macbeth amapukuta m'manja mwake mopanda madzi, ndinaona amayi ena kumbuyoko agwira pakamwa. Pamenepo ndinadziwa kuti nkhani yafika.

William Shakespeare analemba sewero limeneli cha m'ma 1606. Panali patapita zaka zitatu chikhalire James, mfumu ya ku Scotland, pampando wa ku England. Mfumuyi inkaopa ufiti kwambiri moti inalembapo buku mu 1597, ndipo banja lake linkati linachokera kwa Banquo, mnzake wa Macbeth yemwe mwamuona pano. Macbeth weniweni analipo, analamulira Scotland kuyambira 1040 mpaka 1057, ndipo anaphera mfumu Duncan kunkhondo, osati pogona. Wolembayo anaisintha nkhaniyo dala. Anafuna tione munthu akupha mfumu yake, yomwenso ndi mbale wake, itabwera kudzagona m'nyumba mwake. Ife amene timaphera mlendo nkhuku tikudziwa kukula kwa mlandu umenewu.

Tsono ana anga, tcherani khutu. Mfiti zitatu zija sizinamuuze Macbeth kuti aphe munthu. Bwererani m'bukumo mukaone. Zinangoti adzalandira udindo wa ku Cawdor, kenaka adzakhala mfumu. Mpeni anaunola yekha ndi mkazi wake. Banquo anali pomwepo, makutu ake anamvanso zokoma, zoti ana ake adzakhala mafumu, koma iye sanakhetse magazi a munthu. Anthu awiri, njira imodzi, tsiku limodzi, mawu ofanana. Chosiyana chinali mumtima. Ulosi unangopeza moto umene unali kale pansi pa phulusa, n'kuuzira.

Pali chinanso chimene ambiri amachidumpha powerenga. Ulendo woyamba mfitizo ndi zimene zinamutchingira Macbeth panjira. Ulendo wachiwiri anapita yekha kukazifunafuna. Apa n'kuti atapha kale Duncan, atatumanso anthu kukapha mnzake Banquo, tulo tatha. Anapita kukagula mtendere wa mumtima, ndipo anamugulitsa mawu a nsonga ziwiri: kuti wobadwa mwa mkazi sangamuphe, ndi kuti sadzagonja kufikira nkhalango ya Birnam itayenda kubwera kunyumba yake yachifumu ku Dunsinane. Iye anamva zimene ankafuna kumva. Atachoka kumeneko analamula kuti mkazi wa mdani wake Macduff aphedwe pamodzi ndi ana, anthu amene sanamulakwire kanthu. Mapeto mwawaona nokha. Asilikali anadula nthambi n'kubisala nazo poyenda, nkhalango inayendadi, ndipo Macduff, amene anamupha, anali mwana amene anachita kumutulutsa m'mimba mwa mayi ake nthawi isanakwane.

Kodi zimenezi n'za ku Scotland kokha? Ayi. Tonse pano tikudziwa banja limene linagulitsa ng'ombe chifukwa wina anawalosera chuma cha mawa m'mawa. Tamvapo za mnyamata amene anauzidwa kuti chomutsekereza ndi agogo ake, iye n'kukatukwana nkhalamba imene inamulera. Sindikunyoza pemphero, inenso ndimapemphera. Ndikunena za mawu amene amakusisita pamene pakuyabwa, n'kukutuma kukalakwira m'bale wako. Mawu otere, kaya achoke kutchire kaya paguwa, muwathawe.

Ndipo ife a ku Chongwe tili ndi mayeso athuathu. Lusaka ili pafupi, msewu wa Great East ukudutsa pakhomo pathu, bwalo la ndege la Kenneth Kaunda lili m'boma lathu lomwe lino. Malo akwera mtengo. Munthu amabwera ndi galimoto, ndalama zili m'manja, ndipo munda umene makolo anasiyira mbumba yonse umagulitsidwa ndi munthu mmodzi, ena ali m'tulo. Mayi wathu, Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, akhala akudzudzula mchitidwe umenewu kwa zaka zambiri. Mitengo nayo ikuthera m'matumba a makala, ndipo taonapo mtsinje wa Chongwe ukuphwa, anthu akuvutika madzi. Chaka ndi chaka timasonkhana pa mwambo wa Chakwela Makumbi kupempha mvula, koma mvulayo idzagwera m'munda mwa yani ngati minda yonse yapita? Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Musandimve molakwa, ana inu. Sindikuti musalakelake zazikulu. Lakalakani! Funani kukhala madokotala, oweruza milandu, oyendetsa ndege zimene mumaziona zikutera apa. Yunivesite ya Chalimbana ili m'dera lathu lino, si yomangira ana a eni ake okha. Macbeth anali msilikali wolimba mtima, ndipo udindo wa ku Cawdor anaupeza ndi thukuta lake, mfumu inamupatsa mokondwa. Chimene chinamugwetsa n'kufuna mpando wotsatira kudzera pa mtembo wa mnzake. Dziko lathu lili ndi chitsanzo china. Mu 1991 Kenneth Kaunda, atalamulira zaka 27, anagonja pachisankho ndipo anapereka mpando popanda kukhetsa magazi. Ambiri mwa inu munali musanabadwe, funsani makolo anu.

Kwa inu aphunzitsi, ndikuthokozani, pakuti mwaphunzitsa ana awa madzulo, ntchito itatha. Pempho langa ndi limodzi. Mu 1970 Welcome Msomi wa ku South Africa anaika nkhani yomweyi m'Chizulu, n'kuitcha uMabatha, ndipo inakafika mpaka ku London. Julius Nyerere anamasulira masewero awiri a Shakespeare m'Chiswahili. Lero agogo ambiri pano angotsata ndi maso chifukwa Chingelezi chawadutsa. Chaka chamawa tikonzereni Macbeth m'Chinyanja ndi m'Chisoli, ndipo mupite nayo m'midzi, pabwalo la mfumu, kumene nkhani za malo zimakambidwa. Makolo anzanga, ana akapempha nthawi yokayeserera, aloleni apite.