ZA NGONGOLE NDI CUMA CA PANYUMBA: Mau Onenedwa pa Msonkhano wa Mafumu ndi Ziwalo za Bungwe

Kalata iyi ipite kwa Mafumu, Nyakwawa, ndi ziwalo zonse za Bungwe. Amene sanafike pa msonkhano aiwerenge, ndipo aiwerengerenso anthu ao pabwalo.



Nkhani imene tadza nayo lero si ya miseu kapena ya masukulu. Iri ya m'nyumba zathu, ndipo cifukwa cace iri yobvuta kuinena, pakuti ambiri a ife tiri m'kati mwace. Tinena za ngongole.

1. Walimira yani?

Mabungwe oyamba a dziko lino, kuyambira la North Nyasa la caka ca 1912, limene Levi Mumba anali mlembi wace, anadandaula kwa Boma la masiku aja za msonkho, za maphunziro, ndi za malonda a zokolola. Makolo athu a ku Mulanje, Thyolo ndi Zomba anadziwanso nchito ya thangata, pamene munthu anasiya munda wace m'dzinja nakagwira nchito kwa mwini esiteti, kulipira malo amene anakhalapo. Nchito imeneyo inaletsedwa ndi lamulo m'caka ca 1962. Koma tifunsa inu Mafumu: munthu wotenga ndarama kwa wakatapila m'mwezi wa January, napereka cimanga cace conse m'mwezi wa May, walimira yani? Mbeu ndi yace, thukuta ndi lace, koma nkhokwe yodzala iri kwa wina. Palibe kapitao amene anamkoka. Anamka yekha ndi mapazi ace.

2. Ciwerengero ca katapila

Tiyeni tiwerenge pamodzi. Akatapila ambiri aonjeza theka pa mwezi, ndipo ena awirikiza. Tiyese kuti munthu watenga K50,000 pa ciyambi ca January, ndipo theka lionjezedwa pa zonse zotsala mwezi ndi mwezi. Pakutha January mangawa ace ali K75,000. Pakutha February K112,500. Pakutha March K168,750. Ndipo pakutha April, cimanga cisanalowe m'nkhokwe, afika pa K253,125. Anatenga kamodzi, ayenera kubweza kasanu. Palibe munda m'dziko lino umene ubala msanga motero.

Ndipo tsoka lace silithera pomwepo. Kuti abweze, agulitsa cimanga pa nthawi ya kukolola, pamene mtengo uli pansi cifukwa aliyense ali naco. Nadzagulanso cimanga comweco m'January ndi February, pamene mtengo wakwera. Posowa ndarama asiya munda wace uli ndi udzu nakagwira ganyu m'munda wa mnzace. Munda wace subala, ndipo caka cotsatira abwereranso kwa wakatapila yemwe uja.

Sitinena kuti umphawi wonse ucokera ku kusasamala, iai. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 m'May 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 m'November 2023, ndipo feteleza, mafuta ndi sopo zinakwera mtengo pamene malipiro a ambiri anatsalira m'mbuyo. Namondwe Freddy anaononga minda ya kumwera m'March 2023, ndipo cilala ca 2024 cinakhudza maboma 23 mwa 28. Zimenezi sitikhoza kuziletsa pa bwalo lino. Koma ziripo zina zimene ziri m'manja mwathu, ndipo ndizo tifuna kunena.

3. Kumene ndarama zipita

Pali ziboo zazing'ono zimene zidontha tsiku ndi tsiku: kacasu wa madzulo, juga ya mpira imene anyamata acita pa lamya ya m'manja, ndi mayunitsi ogulidwa pa ngongole kuti munthu aceze zacabe. Ici cakoma, ici cakoma, pusi anagwa cagada. Ziboo izi mwini nyumba akhoza kuzitseka yekha ngati afuna.

Koma pali ziboo zazikuru zimene munthu mmodzi sakhoza kuzitseka yekha, ndizo maliro, ukwati, ndi ciliza. Akuru anati maliro ndi kulirana. Tanthauzo lace linali lakuti mudzi udza ndi ufa, nkhuni ndi ndiwo, kuti wofedwa asasenze katundu wina pamwamba pa cisoni. Lero m'midzi yambiri taitembenuza nkhani iyi: wofedwa ndiye adyetsa khamu masiku angapo, agula bokosi la mtengo wopyola mphamvu yace, alipira magalimoto, ndipo anthu atabalalika mkazi wamasiye atsala ndi ana ndi ngongole. Posacedwa acibale ayamba kunena za kumanga ciliza ndi phwando lace, ana a malemuyo ali pakhomo posowa fizi. Ukwati nao unayamba wautali: cinkhoswe, maphwando otsatana, nsaru zofanana, zokuzira mau; ndipo mnyamata ndi mkazi wace alowa m'nyumba yao atasenza kale mangawa.

Cifukwa ninji anthu acita izi, podziwa kuti alibe? Cifukwa aopa pakamwa pa anzao. Aopa kunenedwa kuti anataya amai ao ngati galu. Ndarama zimenezi sizigula cakudya kapena cobvala. Zigula kubisa manyazi. Ndipo manyazi sacotsedwa ndi mwini wace; acotsedwa ndi mudzi wonse pamodzi, Mfumu itatsogola. Mfumu ikaika muyeso, wosauka akhoza kunena, ndatsata lamulo la mudzi, ndipo palibe womseka.

4. Njira ya kuturukamo

Kwa iwo amene ali kale m'ngongole tiri ndi malangizo asanu.

Coyamba, mwamuna ndi mkazi akhale pansi alembe ngongole zonse pa pepala limodzi: kwa yani, zingati, phindu lace lotani, ndi tsiku la kubweza. Ngongole yobisira mkazi kapena mwamuna ndiyo imene ipasula nyumba, pakuti iwululika tsiku limene eni ace adza kudzasasula malata.

Caciwiri, yambani ndi ngongole ya phindu lalikuru, osati ya munthu waphokoso lalikuru. Kwa ena onse pitani nokha musanaitanidwe, pamodzi ndi mboni, mupangane nthawi.

Cacitatu, musatenge ngongole kuti mubweze ngongole. Banki mkhonde ndi cinthu cabwino, pakuti phindu lace libwerera kwa eni ace pa tsiku la kugawana. Koma mai wolowa magulu atatu, natenga kuno kukabweza uko, akumba dzenje kuti akwirire dzenje. Gulu limodzi likwanira.

Cacinai, pa kukolola patulani poyamba cakudya ca caka ndi mbeu. Nyumba iliyonse idziwa matumba amene idya pa mwezi. Iwerenge kufikira March, isunge amenewo ndi mankhwala a anankafumbwe, ndipo igulitse zotsala zokha.

Cacisanu, ngati kugulitsa mbuzi kukhoza kutha katapila lero, gulitsani mbuziyo. Pakuti mbuzi siswa mwezi ndi mwezi, koma katapila aswa. Koma munda musauike cikole, ngakhale kwa mbale. Mbuzi ibwerera, munda ukapita, ana anu adzakhala alendo m'mudzi wa makolo ao.

Sitiphunzitsa munthu kukana ngongole. Mlandu suola, ndipo wotenga ayenera kubweza cimene anatenga pamodzi ndi phindu loyenera. Koma dziwani kuti, monga mwa malamulo a 2010, wocita malonda a kukongoza ndarama ayenera kukhala ndi cilolezo cocokera ku Reserve Bank. Ndiponso lamulo la Loans Recovery Act lipatsa bwalo la milandu mphamvu ya kuonanso pangano limene phindu lace lapyola muyeso. Ndipo amene afuna kusunga ndi kukongola mwa dongosolo afunse za ma SACCO, amene bungwe lao lalikuru, MUSCCO, linakhazikitsidwa m'caka ca 1980.

5. Zimene tipempha kwa Mafumu

Cifukwa cace tiika pamaso pa msonkhano uno mapempho anai, kuti muwaweruze:

(1) Mfumu iliyonse, itapangana ndi anthu ace ndi akuru a mipingo ndi a mizikiti, iike muyeso wa masiku a maliro, ndipo cakudya ca pamaliro cicokere ku mudzi, osati kwa wofedwa.

(2) Ciliza cisamangidwe ndi ndarama za ngongole, ndipo phwando lace lisakakamizidwe pa nyumba imene ana ace ali kunja kwa sukulu.

(3) Ankhoswe alangize kuti ukwati ucitike monga mwa zimene nyumba ziwirizo ziri nazo m'manja.

(4) Mfumu kapena Nyakwawa isakhale mboni pa pangano loika munda cikole ca katapila.

Tidziwa kuti lamulo lotere liyamba kuwawa pakhomo pa wolipanga. Tsiku lidzafika limene maliro adzagwa m'nyumba ya Mfumu, kapena ya mmodzi wa ife a Bungwe, ndipo anthu adzapenya ngati tisunga cimene tinanena. Tikacisunga ife, adzacisunga onse. Tikaciswa ife, kalata iyi ikhala pepala la kukulungira fodya. Mutu umodzi susenza denga.

Tipempha kuti pa msonkhano ukudzawo Mfumu iliyonse idze ndi yankho la anthu ace pa mapempho anaiwa, kuti Mlembi alembe m'buku la Bungwe midzi imene yabvomera ndi imene ikali kuganiza.



Ife anu,
Akuru a Komiti ya Bungwe.